Pusi Akalowa m'Mapu

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwambiwu suneneza zipatso. Zinali zakupsa ndithu, ndipo pusi sananame pozitama. Chimene chinamugwetsa n'chakuti manja ndi mapazi ali nawo anayi okha, ndipo limodzi linayenera kutsala pa nthambi.

Pusi ameneyu masiku ano amapezeka pa kagalasi ka GPS ya m'manja. Tengani Garmin eTrex 20, imene inatuluka mu 2011, ya mtundu uja amayenda nawo oyeza minda, olemba mijigo ndi okwera mapiri. Kagalasi kake n'kongofanana ndi bokosi la machesi: masentimita 3.5 m'lifupi, 4.4 m'litali, timadontho 176 uku, 220 uku. Pamenepo payenera kukwana msewu, mtsinje, phiri, dzina la mudzi, ndi kamuvi kosonyeza pamene inuyo mwaima. Mapu a pepala, monga aja a 1:50,000 a ku Dipatimenti ya Survey, mumawayala patebulo, diso n'kumadzisankhira lokha poyang'ana. Pa kagalasi diso limapeza kusankha kutachitika kale. Munthu wina, kutali, anagamula kuti ichi chioneke, icho chibisike, ichi chikhale chofiira ndi chonenepa, icho chotuwa ndi chowonda. Nkhani yosintha maonekedwe a mapu ndi nkhani yolanda chigamulo chimenecho m'manja mwake.

Ambiri amayesa kuti zimene akuona pa kagalasipo zikutsika kumwamba. Ayi. Masetilaiti a GPS, amene amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, amangolengeza nthawi ndi pamene iwowo ali. Chipangizo chikamva anayi kapena kuposerapo chimadziwerengera chokha malo ake, ndipo chiyambireni Meyi 2000, pamene boma la America linaleka kusokoneza dala chizindikirocho kwa anthu wamba, chimaphonya ndi mamita ochepa chabe. Koma setilaiti sidziwa msewu wa M1, sidziwa kuti Linthipe ndi mtsinje. Zimenezo zili mu fayilo ya mapu, pa kakhadi kamene kamalowa kuseri kwa mabatire.

M'fayilomo mulibe chithunzi. Muli mndandanda wa madontho, mizere ndi zigawo, chilichonse ndi nambala ya mtundu wake, yolembedwa mosakaniza manambala ndi zilembo: 0x01 ndi msewu waukulu, 0x0a msewu wafumbi, 0x16 kanjira ka miyendo, 0x1f mtsinje, ndipo pa zigawo 0x3c ndi nyanja. Chipangizo chikawerenga nambala chimayang'ana m'mutu mwake kuti nambala imeneyo imavala bwanji. Maonekedwe obadwa nawowo anakonzedwa ndi kampani ya Garmin, imene Gary Burrell ndi Min Kao anayambitsa mu 1989, ya likulu lake ku Olathe, m'chigawo cha Kansas. Sindikuwanena anthu amenewa. Wojambula mapu aliyense amakhala ndi wapaulendo wake m'maganizo, ndipo wawo kawirikawiri anali munthu wa galimoto, wofuna msewu wa phula, pothira mafuta ndi pogona. Kwa munthu wotero kanjira ka miyendo ndi kamzere kosafunika, koti kazioneka pokhapokha mapu atakokedwa pafupi kwenikweni.

Kampaniyo sinaulule kwa anthu wamba kaumbidwe ka mafayilo ake. Anachita kuwafukula ndi anthu achidwi, madzulo ataweruka kuntchito. Stanisław Kozicki wa ku Poland analemba pulogalamu ya cGPSmapper, yothandiza munthu kuumba mapu akeake oti chipangizocho chiwerenge. John Mechalas anafalitsa mu 2005 zimene anatulukira za m'kati mwa fayilo ya mapuyo, yotchedwa IMG. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, ku London, Steve Coast anali atayambitsa OpenStreetMap, nkhokwe ya mapu imene aliyense amatha kuikamo ndi kutapamo kwaulere. Kenako Steve Ratcliffe analemba mkgmap, imene imatapa m'nkhokwemo n'kuumba fayilo ya Garmin. Palibe mmodzi mwa iwo akanasenza denga limeneli yekha.

Amene wagwira mkgmap ali ndi makiyi awiri, ndipo ongoyamba kumene amawasokoneza. Kiyi woyamba ndi mpukutu wa malamulo umene eni ake amautcha style. Umenewu ndiwo umanena kuti cha m'nkhokwe chiti chilowe m'mapu, chipatsidwe nambala yanji, ndipo chiyambe kuoneka mapu ali patali bwanji. Wachiwiri ndi fayilo ya TYP, imene ntchito yake ndi kuveka: mzere uwu ukhale wofiira, wonenepa timadontho tinayi, wa m'mphepete mwakuda, chigawo ichi chikhale cha timizere topingasa, dontho ili likhale kachithunzi ka mpope. Mu TYP muthanso kujambula nokha kamzere ka timadontho 32 m'litali, kamene chipangizo chimangokabwerezabwereza kutsata njira yonse. Okonda ntchitoyi amaichita ndi mapulogalamu monga TYPViewer ndi TYPWiz, kapena kungolemba pamanja, dontho ndi dontho.

Anthu amakopeka ndi kiyi wachiwiriyu, poti utoto umasangalatsa. Ine ndimaona kuti mphamvu yeniyeni ili pa woyamba, pa kanambala kamodzi kolembedwa kumapeto kwa lamulo lililonse. Mapu a Garmin amagawa mkombero wa dziko lapansi m'tizigawo 16,777,216, ndiye kuti ma 2 okwana 24 ochulukitsidwa pamodzi, ndipo kagawo kalikonse ndi mamita pafupifupi 2.4 pa equator. N'chifukwa chake 24 ndiye mlingo wapafupi koposa. Mukalemba 24 pambali pa chinthu, chidzaoneka munthu akakokera mapu pamphuno. Mukalemba 22 chidzaoneka ali patali pang'ono, mukalemba 18 chidzaoneka ngakhale boma lonse lili pa kagalasi. Kanambalaka sikaoneka kwa wapaulendo, koma ndiko kamagamula ngati munthu wotopa, amene madzi amuthera m'botolo, adzadziwe kuti mjigo uli makilomita awiri kumanzere kwake, kapena adzaudutse osadziwa chifukwa mapu ake anali patali pang'ono kuposa pamene mjigo unaloledwa kuonekera. Mjigowo m'fayilo ulimo. Munthu anapita, anaima pa chitsulo chake, anadina batani, anaulemba. Waubisa ndi nambala 24. Chipangizo chilinso ndi posinthira pake, pamene mumasankha kuti chionetse zambiri kapena zochepa, koma pamenepo mumakweza kapena kutsitsa zonse pamodzi. Simungauze mjigo wokha kuti uyandikire.

Ku Ulaya, kumene luso limeneli linakulira, aliyense anakokera kwake. Felix Hartmann anakonza OpenMTBMap ya okwera njinga m'mapiri. Pa mapu amenewo misewu ikuluikulu yatsitsidwa, tinjira takwezedwa, ndipo kalikonse kamavala mtundu wosonyeza kuvuta kwake, kuti munthu adziwe asanafike ngati adzapalasa kapena adzasenza njinga paphewa. Ku Netherlands kuli OpenFietsMap, imene imaika patsogolo njira za njinga ndi manambala a mphambano zake. Ku Germany kuli Freizeitkarte ya ongoyenda kokasangalala. Onsewa amatapa m'nkhokwe imodzi. Phiri ndi lomwelo, mlatho ndi womwewo, koma mutaika zipangizo zitatu pamodzi mungayese ndi mayiko atatu.

Ngakhale mtundu weniweniwo si wachibadwa. Kwa zaka zambiri mapu a pa tsamba la OpenStreetMap ankatsata chizolowezi cha ku Britain, misewu ikuluikulu ya buluu, yotsatira yobiriwira. Kwa Mngelezi zinali zomveka, poti ndi mmene zikwangwani za kwawo zilili. Kwa ena msewu wa buluu unkaoneka mtsinje, wobiriwira unkasowa ukalowa m'nkhalango. Mu 2015 anasintha, n'kuyamba kuchokera ku kufiira, kutsika mpaka ku chikasu ndi kuyera. Panali madandaulo, monga mmene zimakhalira munthu akasuntha chimene anzake anazolowera.

Nkhokweyo ndi ya dziko lonse, choncho Malawi alimo, ndipo apa m'pamene chizolowezi cha kutali chimatipweteka mwakachetechete. Ku Ulaya msewu wopanda phula nthawi zambiri ndi wa thirakitala, wopita kumunda kapena kunkhalango, ndipo m'nkhokwe umalembedwa kuti track. Wojambula wa kumeneko akayang'ana chithunzi cha setilaiti cha kwathu n'kuona msewu wofiira, dzanja limathamangira ku liwu lomwelo. Koma msewu wofiirawo mwina ndi umene umachoka pa tauni yaing'ono kupita kuchipatala, umene ambulansi imadutsa, umene matola ndi akabaza amadyerapo. Ukangolembedwa ngati wa thirakitala, malamulo a mapu ambiri amaukankhira ku mlingo wapafupi, ndipo mukakoka mapu patali dera lonse limaoneka mbee, ngati kulibe anthu. Ndicho chifukwa ojambula mapu a mu Africa anagwirizana malangizo awoawo, otchedwa Highway Tag Africa, onena kuti ukulu wa msewu uzitengera ntchito yake, pamene zoti ndi wa phula kapena wafumbi zilembedwe padera. Zikalembedwa padera chonchi, wokonza maonekedwe amapeza pogwira: msewu wofunika ukhale wonenepa n'kuonekera kutali, koma ngati ndi wafumbi uvale mzere wodukaduka, kuti dalaivala adziwe zonse ziwiri, kuti njira ndi yomweyo ndi kuti mvula ikagwa ayembekezere matope.

Munthu atati akonze mapu a woyenda pansi wa kwathu, sakanayamba ndi pothira mafuta. Akanayamba ndi mjigo, chipatala chaching'ono, sukulu, msika, chigayo, mlatho, ndi powolokera pamene palibe mlatho. Ndikanaumirira pa chomalizachi. Mapu ambiri amangodutsitsa mzere wa msewu pamwamba pa mzere wa mtsinje, osanena ngati pali konkire, mitengo iwiri yogoneka, kapena mchenga wokha. M'nkhokwe muli njira yolembera kuti apa n'powoloka m'madzi, koma si mapu onse amene amavutikira kuonetsa.

Madzi saiwala khwawa. Pa miyambi yonse, umenewu ndiwo wojambula mapu a dziko la mvula ya nyengo imodzi ayenera kuuloweza. M'mwezi wa Okutobala khwawa ndi njira yachidule, ana a sukulu amadutsamo, ng'ombe zimagonamo. Mu Febuluwale khwawa lomwelo limakokolola munthu ndi njinga yake. Nanga alijambule bwanji? Akalipatsa buluu wonenepa wa mtsinje weniweni, woyenda m'chilimwe adzazungulira mtunda wautali kuthawa madzi amene kulibe, kapena, choipa kuposa apo, adzayembekezera kukamwa pamene pali mchenga. Akalichotsa kuti mapu ayere, woyenda m'dzinja adzalipeza litadzaza usiku. Garmin ili ndi nambala yake ya mtsinje wa nyengo, 0x26, ndipo m'nkhokwe muli polembera kuti madzi ake amabwera n'kupita. Chotsala ndi chakuti wolemba malamulo alumikize ziwirizi, wa TYP n'kulipatsa buluu wodukaduka wooneka bwino. Ndi mizere iwiri kapena itatu ya ntchito, koma amailemba ndi munthu yekhayo amene anaimapo kutsidya kudikira kuti madzi aphwe.

Vuto lomweli likakula limakhala nyanja ya Chilwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 inabwerera kutali moti mabwato anagona pamatope. Pa kagalasi Chilwa ndi buluu chaka chilichonse, m'mphepete mwake molembedwa mwaudongo ngati anachita kudula ndi lumo. Fayilo siidziwa kuti chaka chino mvula yavuta. Chimene wokonza angathe ndi kusiyanitsa pakati pa madzi okhazikika ndi dambo lalikulu la mabango ndi njedza lowazungulira, kuti diso lisanamizidwe kuti gombe la Kachulu lili pamalo amodzi nthawi zonse.

Pa zigawo zotere pali msampha wina umene umakola pafupifupi aliyense. Zigawo zimasanjikizana: munda uli m'dambo, dambo lili m'nkhalango yotetezedwa, mudzi uli pakati pa zonsezo. Fayilo ya TYP ili ndi mndandanda wonena kuti chiyambe kupakidwa ndi chiti, chitsirize ndi chiti, ndipo chotsiriza chimakwirira zinzake. Mukaika nkhalango pamwamba, dambo lapita. Ndipo chigawo chimene mwaiwala kuchitchula pa mndandandawo sichioneka konse. Chipangizo sichidandaula, sichilira, chimangosiya malowo zii. Munthu amatha kufufuta nyanja yonse mwa kudumpha mzere umodzi.

Utoto wobiriwira nawo uli ndi bodza lake. Malire a nkhalango ya boma ndi nkhani ya lamulo, mitengo ndi nkhani ya pansi. Phiri la Ndirande linametedwa m'zaka za m'ma 1990, aliyense wa ku Blantyre amadziwa, koma mapu amene amapaka kubiriwira paliponse pamene pali malire a nkhalango angakulonjezeni mthunzi pamenepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wokonza wosamala amajambula malire ngati mzere wokha, kubiriwira n'kusungira pamene pali mitengo yeniyeni.

Tsono munthu akazindikira kuti zonsezi zili m'manja mwake, pusi amadzuka. Mjigo wakoma, uonekere kutali. Chigayo nacho chakoma. Nanga tchalitchi? Nanga mzikiti, okala, mtengo wa malambe wodziwika, mizere ya magetsi, mipanda, nyumba iliyonse ndi khola lake? Mizere yosonyeza kukwera kwa mtunda nayo ilipo yaulere, yochokera ku muyeso umene chombo cha Endeavour chinachita mu Febuluwale 2000. Bwanji osaiika pa mamita 10 aliwonse? Chilichonse pachokha chili ndi chifukwa chomveka, ndipo apa m'pamene mwambi uja umaluma, chifukwa palibe pamene munthuyo akulakwitsa poyamikira. Akayatsa chipangizo amapeza kagalasi kali bii. Mayina akwerana, kachithunzi ka mpope kabisika pansi pa ka sitolo, mizere ya mtunda yalukana ndi tinjira moti sizikudziwika kuti woyendamo ndi uti. Akasuntha mapu, chipangizo chimayamba chaganiza, kujambula pang'onopang'ono, mabatire awiri aja akutha. Kamuvi kosonyeza pamene waima, chinthu chokhacho chimene anagulira GPS, kamira pakati pa zabwino zonse zimene anasonkhanitsa.

Luso lenileni pa ntchitoyi ndi lochotsa, ndipo n'lowawa, chifukwa zimene mukuchotsazo si zinyalala. Mumayenera kuvomera kuti chigayo, ngakhale n'chofunika, chidikire mlingo wa 24 kuti chipatala chionekere pa 20. Mumayenera kusankha mitundu itatu kapena inayi yoti ifuule, ina yonse inong'one. Harry Beck atajambula mapu a sitima zapansi za ku London, amene anasindikizidwa mu 1933, anataya mitunda yeniyeni ndi misewu yonse ya pamwamba, n'kungosiya mtsinje wa Thames. Akuluakulu ake poyamba anakayika, koma okwera sitima anawalandira, poti ankayankha funso limodzi lokha limene iwo anali nalo: ndisinthire pati? Mapu a m'manja nawo amafunika kudziwa funso lawo.

Pamenepa dzuwa nalo lili ndi mawu. Mitundu yofewa imene imakongola pa kompyuta m'nyumba imasungunuka pa kagalasi masana a mu Novembala. Wotuwa ndi wachikasu amasanduka chimodzi, mzere wa dontho limodzi umasowa. Amene amayendadi ndi mapu awo amabwerera ku mitundu yolimba, yosakongola kwenikweni. Ndipo TYP imafuna mitundu iwiri pa chinthu chilichonse, wa masana ndi wa usiku, chifukwa zipangizo zambiri zimadetsa kagalasi dzuwa likalowa. Woiwala wa usiku amajambula kanjira kakuda pa dziko lakuda.

Pa phiri la Mulanje kusankha kumeneku sikukhala kwa masewera. Njira yoyenda pa chidikha cha pamwamba, pakati pa nyumba zogona alendo za Chambe ndi Lichenya, ndi njira ya miyendo. Yochoka ku Chisepo kukwera Sapitwa, pa mamita 3,002, imafuna manja, kukwawa pa matanthwe ndi kupanikizika m'mipata ya miyala. Kwa chipangizo chosasinthidwa zonsezi ndi 0x16, kamzere kofanana. Ojambula anabwereka muyeso wa bungwe la okwera mapiri la ku Switzerland, wa masitepe 6, kuyambira T1 mpaka T6, ndipo ngati wina analemba muyesowo pa njirazo, wokonza maonekedwe atha kuonetsa yosavuta ndi mzere wathunthu, yoopsa ndi timadontho tofiira. Izi zimathandiza pokonzekera ulendo muli pansi. Chiperoni chikatsika, munthu wanzeru amakhalabe kumbuyo kwa mlondolera wa ku Likhubula.

Pali chinthu chimene utoto sungachite, ndipo ambiri amachiphunzira mochedwa. Kusintha maonekedwe a mzere sikusintha mmene chipangizo chimauonera posankha njira. Kusankhako kumatsata manambala ena awiri a m'malamulo, la ukulu wa msewu, kuyambira 0 mpaka 4, ndi la liwiro, kuyambira 0 mpaka 7. Mutha kupaka msewu woipa ndi chenjezo lofiira psuu, chipangizo n'kumakulowetsanibe momwemo chifukwa kwa icho ndi wachidule. Komanso manambala a mizere imene chipangizo chimavomera kulondolerapo munthu ndi ochepa, osakwanira mitundu yonse ya njira imene wokonza akufuna kusiyanitsa. Akatswiri amazemba vutoli mwa kujambula njira iliyonse kawiri: mzere wina wosaoneka, woti chipangizo chizitsata, wina wooneka pamwamba pake, woti diso lizitsata. Ndi nzeru yabwino, koma imatanthauza kuti mapu ali ndi malilime awiri, ndipo wokonza yekha ndiye akudziwa ngati akunena chimodzi. Mapu a njinga za m'mapiri amanamiza chipangizo dala kuti kanjira ndi msewu wapamwamba, kuti chizikakonda. Wa galimoto akawabwereka adzalondoleredwa kumene galimoto siingapite, mapu asanalakwe kanthu.

Chiyeso china ndi chosiya maonekedwe n'kukasintha m'nkhokwe momwemo. Munthu akufuna kuti mchenga wa pa bwalo la gofu uoneke wachikasu, ndiye amaulemba kuti ndi gombe la nyanja. Akufuna kuti msewu wa kwawo uonekere kutali, ndiye amaukweza kukhala waukulu. Anthu a OpenStreetMap amaletsa zimenezi mwamphamvu, ndipo akulondola. TYP ndi yanu, pakani mmene mufunira. Nkhokwe ndi ya onse, ndipo bodza loikidwa m'menemo limalowa m'mapu a wa ambulansi, a wofufuza za madzi, a munthu amene simudzamuona.

Za mayina ndingodutsa. Nyanja imene ife timati Malawi, a ku Tanzania amati Nyasa, a ku Mozambique Niassa, ndipo mkangano wa malire ake, wochokera ku pangano la Britain ndi Germany la mu 1890, sunathe. M'nkhokwe mayina onse atha kukhalamo, ndipo lamulo limodzi limasankha lotuluka pa kagalasi. Wolemba lamulolo mwina ankangofuna dzina lalifupi lokwana pa timadontho 176.

Chimene sindingadutse ndi manda. Kumidzi yambiri ya kwathu, pamene mitengo yachilengedwe yatsala yowirira pakati pa minda ndi pamanda. Wojambula ali ku Berlin kapena ku Washington, akuthandiza ndi mtima wabwino kuchokera pa chithunzi cha setilaiti, amaona kankhalango n'kulemba kankhalango. Chipangizo chimapaka kubiriwira. Mlendo wotopa ndi dzuwa, kapena wofuna pobisala kuti adzithandize, amaona malo abwino. Sadziwa kuti kumeneko munthu salowa popanda chilolezo cha amfumu, ndiponso kuti m'madera a Achewa mwina ndi kudambwe. Safunsa anadya phula, inde, koma apa mlendoyo anafunsa. Anafunsa mapu, ndipo anamuyankha ndi mtundu wolakwika. Kukonza kwake kuli pawiri. Wa m'mudzimo, kapena wodziwa malowo, alembe m'nkhokwe kuti ndi manda. Wokonza maonekedwe awapatse chizindikiro chosasokonezeka ndi nkhalango, chooneka msanga. Za dambwe palibe chifukwa cholembera. Eni ake sanapemphe kuti lilozedwe, ndipo chizindikiro cha manda n'chokwanira kuti mlendo alambalale.

Apa tafika pa malire a luso lonseli: silingaonetse chimene palibe anachilemba. Mu 2014 gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team, mogwirizana ndi nthambi za boma, linaphunzitsa anthu ndi kuyenda nawo m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, GPS m'manja, kulemba misewu, nyumba ndi malo ofunika. Miyezi ingapo pambuyo pake, mu Januwale 2015, madzi anasefukira m'dera lonselo, ndipo ojambula a m'mayiko ambiri anawonjezera pa ntchito ija kuti opereka thandizo apeze poyambira. Koma madzi omwewo anasintha dziko limene linali litangolembedwa kumene. Mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzitsegulira ina, milatho inapita, anthu anasamuka. Mzere wa buluu wokongoletsedwa bwino, wa mlingo woyenera, wa mtundu wa masana ndi wa usiku, unali kusonyeza pamene mtsinje unali chaka chatha. Njanji yodutsa ku Chiromo, imene madzi anaidula mu 1997, ndi chitsanzo china: pokhapokha wina atalemba kuti siyendanso, ndipo wokonza ataipatsa mzere wofooka, imaoneka ngati sitima ibwera mawa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si mapu oipa, koma mapu abwino ali m'manja mwa munthu wina. Mapu a pepala ali ndi kabokosi m'mphepete kofotokoza zizindikiro, ndi chaka chimene anasindikizidwa. Pa kagalasi palibe malo a zimenezo, ndipo ngakhale akanakhalapo, palibe kabokosi kamene kamatchula zimene zachotsedwa. Tiyerekeze kuti wa ntchito za madzi wakonza mapu ake: mijigo ikuluikulu, yooneka kutali, makwawa onse wachotsa chifukwa iye amayenda m'chilimwe. Kwa iye ndi mapu angwiro. M'dzinja chipangizocho chabwerekedwa ndi anzake a zaumoyo opita kukapereka katemera. Iwo akuona njira yoyera kuchoka pano kufika pamudzi, ndipo alibe chowachenjeza kuti kuyerako ndi chisankho cha mnzawo.

Mwamwayi chipangizo chimalola mapu angapo pa khadi limodzi. Aliwonse amakhala ndi nambala yawo ya banja, ndipo fayilo ya TYP imagwira ntchito pokhapokha nambala yake itagwirizana ndi ya mapuwo. Zikasiyana, maonekedwe a ku Kansas aja amabwerera osapempha. Motero munthu atha kuumba mapu awiri kuchokera m'nkhokwe imodzi, a chilimwe ndi a dzinja, kapena a woyenda pansi ndi a galimoto, n'kumayatsa amodzi, ena atazima. Pa mndandanda wa mapu m'chipangizomo pamatuluka dzina limene wokonza analemba yekha. Ambiri amasiyapo dzina limene pulogalamu inaika, losanena kanthu. Malo ake ndi ochepa, koma amakwana kulembapo nyengo, mtundu wa ulendo, ndi mwezi ndi chaka chimene mapuwo anatapidwa m'nkhokwe.